N'chifukwa chiyani dothi la kudambo limakhala lakuda?

Tsatirani mtsinje wa Likangala kuchokera kuphiri la Zomba mpaka ku Nyanja ya Chilwa, muona dothi likusintha mtundu. Pamalo otsetsereka pamachuluka katondo wofiira ndi miyala, koma mukafika kudambo dothi limakhala lakuda bii. Ambirife timangoti "kuno n'kwachonde", basi. Ine ndikuti tifunse kaye: kudako kumachokera kuti?

Zomera zikamakula zimakoka kaboni mumpweya. Zikafa, tizilombo tosaoneka ndi maso timaoletsa masamba ndi mizu yake, kaboni uja n'kubwerera mumlengalenga. Koma kuti tigwire ntchitoyi msanga, tizilomboti timafuna mpweya ndi kutentha. Apa ndiye pamene maonekedwe a malo amalowerera.

Pamtsetse madzi sakhalitsa. Dothi limauma, mpweya umalowamo, zinyalala zimaola msanga, zotsalazo mvula imakokolola. Kudambo madzi amadikha miyezi ingapo, mpweya sulowa bwino, ndiye udzu ndi mizu zimaola pang'onopang'ono n'kumaunjikana chaka ndi chaka. Dothi lapamwamba lomwe lakokoloka kumtunda nalonso limadzathera komweko. Pamwamba pa mapiri ngati Zomba, Mulanje ndi Nyika, chomwe chimachedwetsa kuolako ndi kuzizira. Komabe si dothi lakuda lililonse lomwe lili ndi kaboni wambiri ayi, makande ena amangoda chifukwa cha mtundu wa dongo lake.

Chitsanzo chachikulu chili m'chigwa cha mtsinje wa Congo. Mu 2017 asayansi analengeza kuti nkhalango za m'madambo a kumeneko zasunga matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni pansi pa nthaka.

Nanga ife a m'tauni zikutikhudza bwanji? Tikakumba ngalande, kuumba njerwa kapena kumanga nyumba m'dambo, dothi lija limauma, ndipo kaboni yemwe anasungika kwa zaka zambirimbiri amathawira mumlengalenga n'kuwonjezera kutentha kwa dziko. Chinanso, dambo limamwa madzi ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Likatsekedwa ndi simenti, madzi a mvula amasowa kolowera, amalowa m'nyumba zathu zomwe.

Ndiye anzanga, wina akakuonetsani poloti yotchipa mu Okutobala, dothi lake lakuda, pomera bango ndi mlulu, musathamangire kulipira. Kaioneninso mu Febuluwale.