Za Ntchito Zodikirana mu Kompyuta

Pulogalamu ya kompyuta ikhoza kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo ntchito zotere zitchedwa ma thread. Ziwiri zikasintha nambala imodzi pamodzi, masamu asokonezeka, monga achitira ana awiri polimbirana sileti.

M'chaka cha 1965 Edsger Dijkstra analongosola semaphore, ndicho chotsekera cholola ntchito imodzi kulowa, zinzake zilikudikira. Koma wolemba pulogalamu akaiwala kutsegulanso, zodikirazo ziima mpaka kalekale.

Chifukwa chake mu 1975 Per Brinch Hansen anaika monitor m'chilankhulo chake cha Concurrent Pascal, kuti chilankhulo chomwe chizitseka ndi kutsegula chokha. Chilankhulo cha Java chinatsata njirayi mu 1995. Pakuti munthu aiwala, koma lamulo la chilankhulo siliiwala ayi.