Woyatsa nkhondo akadali kutali ndi khoti

Pa 17 Julaye patha chaka chinanso chiperekereni mphamvu ku khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague zozenga mlandu woputa dziko lina ndi nkhondo. Mphamvuzi zinayamba kugwira ntchito mu 2018, koma mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene waonekera pamaso pa oweruza pa mlanduwu.

Kumanda a asilikali mumzinda wa Lviv, kumadzulo kwa Ukraine, mitumbira yatsopano yandandalika mizeremizere, uliwonse ndi mbendera yachikasu ndi yabuluu. Pa umodzi mwa mitumbirayi pagwada mayi wachikulire, mpango wakuda kumutu. Wachotsa maluwa ofota, wathira madzi abwino m'botolo, kenako akupukuta ndi nsonga ya chovala chake galasi la chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu yomukulira m'mapewa. Mphepo ikazimitsa kandulo, akuyatsanso, dzanja lina litatchinga. Sakulira mokweza, akungoyankhula pansipansi ndi chithunzicho.

Mwana wakeyo anafera m'ngalande yankhondo, mfuti ili m'manja. Malamulo a nkhondo amaletsa kupha anthu wamba ndi kuzunza ogwidwa, koma saletsa msilikali kupha msilikali wa mbali ina pankhondo. Choncho amene anamuwombera alibe mlandu. Lamulo lokhalo limene limawerenga imfa ngati iyi ndi lokhudza woyambitsa nkhondo, yemwe analamula kuti asilikali a Russia awoloke malire pa 24 Febuluwale 2022. Mlandu umenewu ndi wa atsogoleri okhaokha.

Vuto linabadwira ku Kampala mu 2010, pamene mayiko anagwirizana tanthauzo la mlanduwu koma n'kusiya mpata waukulu: nzika za dziko lomwe si membala wa khotili sizingazengedwe. Russia si membala. Njira yotsala ndi kudzera ku khonsolo yoona za chitetezo ya bungwe la mayiko a dziko lonse ku New York, komwe Russia yemweyo ali ndi mphamvu yokana.

N'chifukwa chake mu Juni 2025, ku Strasbourg, Ukraine ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la Council of Europe anasainirana pangano lokhazikitsa khoti lapadera la nkhondo imodzi yokhayi. Apa ndi pamene pagona mkangano. Ogwirizana nalo akuti mlandu suola, koma mboni zimafa ndipo umboni umatayika. Kuli bwino kuyamba ndi nkhondo yomwe umboni wake uli poyera, monga zinachitikira pa milandu ya nkhondo ya ku Nuremberg mu 1945 ndi 1946. Akuti chigamulo chimodzi chikhoza kutsegula njira ya ena.

Otsutsa, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi Asia, akufunsa kuti khoti lotere linali kuti pamene Iraq ankaukiridwa mu 2003. Amakumbutsanso za Kisangani ku Congo, kumene mu Juni 2000 asilikali a Uganda ndi Rwanda anamenyana masiku asanu ndi limodzi pakati pa mzinda wa eni, n'kupha anthu wamba mazanamazana. Mu 2022 khoti lina la ku The Hague linalamula Uganda kulipira Congo madola 325 miliyoni pa zomwe asilikali ake anawononga m'dzikomo, koma ndalamazo n'zochokera m'thumba la boma, ndipo palibe wolamula aliyense anazengedwa. Iwowa akuti chofunika ndi kutseka mpata wa ku Kampala kuti lamulo likhudze aliyense, wamphamvu ndi wofooka yemwe. Mayiko anakumanadi ku New York mu Julaye 2025 kuti akambirane zimenezi, koma anakankhira chigamulo ku 2029.

Chodabwitsa n'chakuti mayiko ang'onoang'ono, omwe alibe zida zodzitetezera kwa mnansi wamphamvu, ndiwo angapindule kwambiri ndi lamuloli, koma ku Africa kuno ndi ochepa chabe, monga Botswana, amene anavomereza zomwe anamanga ku Kampala. M'nyumba zathu za malamulo nkhaniyi simveka kawirikawiri, ngakhale kuti mikangano ya malire sikusowa pakati pathu.