Ntchito ya mumgodi ikatha, katundu apita ku Musana pa kombi

M'misewu yafumbi ya ku Musana, kummwera kwa tawuni ya Bindura m'dziko la Zimbabwe, si chachilendo kukumana ndi minibasi yozula mipando yakumbuyo, m'kati muli kabati, bedi ndi firiji, pamwamba atamangapo matiresi. Kumeneko minibasi amaitcha kombi, ndipo zambiri ndi za mtundu wa Toyota HiAce. Kawirikawiri katundu wotere amakhala wa banja limene likusamuka kukomboni kapena kutawuni ntchito itatha.

Ena mwa mabanjawa ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, enanso kudzera ku Mthandizi. Ambiri anatchona, ndipo ana awo anakulira m'nyumba za kampani, opanda mudzi wothawirako zinthu zikavuta.

Mavuto otere anabwera motsatizana. Kulanda mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunachotsa antchito ambiri m'makomboni. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi misika m'matawuni pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, ndipo lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Mu November 2008 mgodi wa nickel wa Trojan ku Bindura unaimitsa ntchito. Unadzatsegulidwanso patapita zaka, koma mu 2024 kampani yake, Bindura Nickel Corporation, inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma. Pa nthawi ngati zimenezi ena amakapempha malo kwa nyakwawa, imene Ashona amaitcha sabhuku, m'midzi yoyandikana ndi migodi monga ya ku Musana.

Katundu amene amakwezedwa mu kombi pa tsiku lotere ndiye chuma cha banjalo. Kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008 kunadya ndalama zimene anthu anasunga kubanki ndiponso za penshoni, kufikira dziko linaleka kugwiritsa ntchito dola yake mu 2009. Firiji, chitofu ndi sofa zinakhalabe ndi mtengo. N'chifukwa chake kusweka kwa firiji panjira kumapweteka ngati kufa kwa ng'ombe m'khola.

Anthu amakonda kombi chifukwa ndi yotsikirapo mtengo kusiyana ndi lole, imapezeka msanga, ndiponso imateteza katundu ku mvula ndi fumbi. Komabe galimotoyi ili ndi malire ake. Kombi wamba amanyamula pafupifupi tani imodzi, kuwerengera dalaivala ndi aliyense wokwera. Matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 akwana kale tani. Banja likakweza matumba 10, kabati, chitofu, firiji ndi anthu asanu, malire afikidwa. Kupyola pamenepo matayala amatentha n'kuphulika, masipuling'i amathyoka m'maenje, ndipo mabuleki sagwira msanga pamtsetse.

Ntchito imayamba galimoto isanafike. Mwini katundu ayeze ndi tepi kapena chingwe kutalika ndi kufupika kwa chinthu chilichonse chachikulu, kenako ayerekeze ndi khomo lakumbuyo la kombi. Bedi ndi kabati ya zovala zimasulidwe, misomali yake iikidwe m'kathumba n'kumangirira ku thabwa lake lomwelo. Galasi likulungidwe m'bulangete ndi kuimikidwa chamulifupi pakati pa matiresi ndi khoma la galimoto, chifukwa logonekedwa limasweka galimoto ikadumpha.

Katundu wolemera aikidwe pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo amangidwe ndi zingwe ku zitsulo za galimoto. Chitofu chosamanga chimathamangira kutsogolo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi. Padenga payenera zopepuka zokha monga matiresi ndi mipando yapulasitiki. Kabati yolemera ikakhala pamwamba, kombi imapendekeka pokhota ndipo siichedwa kugubuduzika. Ana asakhale pakati pa katundu. Ndi bwino kuwalipirira ulendo wawo padera.

Firiji imafuna chisamaliro chapadera. Izimitsidwe dzulo lake kuti madzi oundana asungunuke, mashelefu achotsedwe, chitseko chimangidwe. Iyenera kuyenda choimirira, koma denga la kombi wamba ndi lalifupi, kotero firiji yaitali imakakamizika kugona. Zikatero igonekedwe cham'mbali pa bulangete, osati chagada kumene kuli mapaipi. Pofika iimikidwe tsiku lathunthu isanayatsidwe, kuti mafuta a mu kompulesa amene analowa m'mapaipi abwerere m'malo mwake. Woiyatsa nthawi yomweyo akhoza kuwononga kompulesa. Botolo la gasi litsekedwe, lichotsedwe ku chitofu, liyende choimirira mawindo ali otsegula.

Palinso funso limene alangizi a m'midzi angathandize mabanja kuliganizira: kodi kumene akupitako kuli magetsi? Si mudzi uliwonse umene nthambo za ZESA zinafika. Chitofu cha magetsi chikafika kumudzi wotere chimasanduka tebulo. Kuchigulitsa ku Bindura n'kugula malata, feteleza kapena sola kungapindulitse banja koposa kulipira ulendo wake.

Safunsa anadya phula. Mtengo wa ulendo, kuchuluka kwa maulendo, ndi amene adzalipire katundu akawonongeka, zonsezi zikambidwe ndi dalaivala pamaso pa mboni katundu asanakwezedwe. Malisiti, kapena kalata yosonyeza kuti katunduyo ndi wa banjalo, amathandiza pa zipata za apolisi. Mabanja awiri olowera dera limodzi akhoza kugawana mtengo, ndipo magulu a mpingo, a mzikiti ndi othandizana pa maliro, amene Amalawi a m'migodi akhala nawo kuyambira kale, angapereke anthu onyamula.

Nyengo nayo iwerengeredwe. Kuyambira November mpaka March mvula imaononga misewu yafumbi, ndipo kombi yolemedwa imatitimira. Amene angathe asamuke m'chilimwe, anyamuke m'mawa, ndipo apangane ndi mwini ngolo ya ng'ombe kuti adzawachingamire pamene msewu wabwino wathera.