Kodi mumadziwa kuti kuyang'anizana ndi mfuti kotchuka kwambiri m'mafilimu sikunajambulidwe ku Mexico?

Gawo la filimu lodziwika kwambiri la anthu oopsezana ndi mfuti, zimene Achimereka amazitcha Mexican standoff, linajambulidwa m'chigawo cha Burgos ku Spain, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi Sergio Leone wa ku Italy.

Mawu akuti Mexican standoff amanena za mkangano umene adani okhala ndi zida afika poti palibe amene angawombere kapena kubwerera m'mbuyo popanda kuika moyo wake pachiswe. Adaniwo akakhala atatu vuto limakula, chifukwa woyamba kuwombera amagwetsa mdani mmodzi yekha n'kupatsa wachitatuyo mpata womupha.

Gawo lotchukalo lili m'filimu ya The Good, the Bad and the Ugly ya 1966, momwe Clint Eastwood, Lee Van Cleef ndi Eli Wallach amaima pabwalo lozungulira pakati pa manda amene asilikali a Spain anamangira filimuyo, ndipo kwa mphindi zingapo kamera imangoonetsa maso, zala ndi mfuti zili m'chiuno. Komatu mpikisanowo sunali wachilungamo, pakuti munthu amene Eastwood ankasewera anali atachotseratu zipolopolo mumfuti ya mmodzi mwa anzakewo usiku wapitawo.

Luso limeneli, limene Quentin Tarantino anagwiritsanso ntchito mu Reservoir Dogs ya 1992, ndi lomwe limapezekabe m'mafilimu ambiri omenyana.