Dzino Losamukira m'Malo mwa Linzace

Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwa mano ace a ubwana kumamera dzino lalikulu lotafunira, limodzi pa ngodya iliyonse ya nsagwada, onse pamodzi anai. Dzinoli limera popanda lina kuguluka, ndipo cifukwa ca ici makolo ambiri aliyesa la ubwana, nalileka kuti libooke, poganiza kuti lidzaphukanso. Koma siliphukanso ai. Edward Angle, dotolo wa ku America amene anandandalika za kakumanidwe ka mano m'caka ca 1899, anayesa dzino limeneli maziko a onse.

Tsono likazulidwa, gweru wace sakhala cete. Dzino la kumbuyo lipendekera m'mpatamo, la kunsagwada inayo litalika posowa lokumana nalo, ndipo kutafuna kumavuta.

Dzino silinakhomedwe m'fupa monga msomali m'thabwa. Ligwiridwa ndi timitsitsi tosaoneka ndi maso, ndipo likakankhidwa pang'onopang'ono kosalekeza, fupa la kutsogolo kwace lidyeka pamene la kumbuyo likumangika. Motero dzino liyenda, muzu ndi mutu womwe. Madotolo amamatiza tizitsulo pa mano, napisamo waya, nakoka dzino laciwiri lotafunira kuti lilowe m'malo mwa lotayikalo. Pambuyo pace dzino lotsiriza, lomera munthu atakula, litsata. Ulendowu ngwa nkhono: milimita imodzi pa mwezi, kawirikawiri yosakwana, pamene mpata uli ngati mamilimita 10. Kunsagwada ya pansi, kumene fupa liri lolimba, nchitoyi itha kupitirira zaka ziwiri. Vuto lina nlakuti pokoka dzino lalikulu, mano a kutsogolo nawo amabwerera m'mbuyo. Cifukwa cace masiku ano amakhoma kasikuluu ka titanium m'fupa kuti kakhale cikhomo cokokerapo, njira imene Ryuzo Kanomi wa ku Japan anaifotokoza m'caka ca 1997.

Kwa banja la ku Marange, zimenezi nzolemera. Waya afunika kumangidwanso pafupifupi mwezi ndi mwezi, ndiye kuti maulendo ambiri a ku Mutare kapena ku Harare, ndi ndalama za basi pamwamba pa za dotolo.

Koma kwa mwana ilipo njira yopepuka, ndipo yagona pa nthawi. Ngati dzino loyamba laola kosakonzeka, likazulidwa mwana ali ndi zaka pakati pa 8 ndi 10, laciwiri, limene limera pa zaka 12, likadali m'kati mwa fupa, ndipo kawirikawiri lisendera lokha kutsogolo nilimera pafupi ndi gweruyo popanda waya. Kumwamba zimatheka bwino koposa pansi. Dotolo ayamba wajambula X-ray kuti aone ngati mizu ya laciwirilo yayamba kupangika, ndiponso ngati lotsiriza lilipo, pakuti anthu ena alibe dzino limenelo cibadwire.