Mwana amayamba kuwerenga ndi khutu

Mwana wa Sitandade 1 akamavutika kuwerenga, makolo ambiri amathamangira kunena kuti ndi wouma mutu. Chigamulo chimenechi chimapweteka, ndipo nthawi zambiri chimakhala cholakwika.

M'chaka cha 1983, Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku yunivesite ya Oxford adatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo pa ana pafupifupi 400 a zaka 4 ndi 5 omwe anali asanayambe kuwerenga. Ankawatchulira mawu atatu kapena anayi, n'kuwafunsa kuti ndi ati omwe sakumveka mofanana ndi anzake. Patapita zaka zingapo, ana omwe ankazindikira msanga maliwu ndi omwe ankawerenga bwino, ngakhale ofufuzawo ataganizira kusiyana kwa nzeru pakati pa anawo. Chokondweretsa n'chakuti luso limeneli limaphunzitsika: ana ena omwe ankavutika ataphunzitsidwa kusiyanitsa maliwu ndi kuwalumikiza ndi malembo, adayamba kuchita bwino.

Kukumbukira nako kuli ndi gawo lake, makamaka kuja kosunga zinthu m'mutu kwa kamphindi kochepa, komwe Alan Baddeley ndi Graham Hitch adakufotokoza mu 1974. Taonani mwana akuwerenga "usipa", chala chili pa pepala, milomo ikugwedera. Ayenera kugwira "u" ndi "si" m'mutu mpaka atafika pa "pa". Zikapulumuka, amafika kumapeto atayiwala poyambira, n'kuyambiranso. Nzeru zimathandiza ndithu, koma zimaonekera kwambiri mtsogolo, pomvetsa nkhani yomwe wawerenga.

M'boma la Nkhata Bay muli china chowonjezera. Ana ambiri kunyumba amayankhula Chitonga, koma m'kalasi amaphunzira kuwerenga m'Chichewa ndi Chingerezi, motsatira ndondomeko ya National Reading Programme yomwe idayamba mu 2016. Mwana wokulira ku gombe amadziwa "maji" ndi "somba". Buku likumuuza "madzi" ndi "nsomba". Khutu lake liyenera kutola "dz" ndi "ns" m'mawu omwe iye amawadziwa mwa mtundu wina. Kumutcha mbuli mwana wotere, yemwe akusenza zinenero zitatu ali ndi zaka 6, n'kumulakwira.

Chitonga chakecho si chopinga. Mwana amene wazolowera kuduladula mawu a chinenero cha mayi ake amatha kuchita zomwezo m'Chichewa, poti zinenero ziwirizi zimamangidwa ndi maphatikizo ofanana kapangidwe. Apa ndi pomwe sukulu za mkombaphala zingathandize popanda kugula kalikonse. Alezi, omwe ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, angathe kuwombetsa ana m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lawo, kuwafunsa mawu omwe amayamba mofanana ndi "bwato", kapena kuwapatsa zilapi ndi nthano zoti abwereze.

Thanzi lisaiwalike. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira, monganso malungo aakulu, kumasokoneza kakulidwe ka ubongo. Mwana amene khutu lake limatuluka mafinya kawirikawiri samva bwino maliwu. Ngati satembenuka mukamuitana cham'mbuyo, kapena amangoti "a?" nthawi zonse, pitani naye ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay akamuyeze makutu asanayambe sukulu.