Chigodola chinasiya mkangano wa msonkho ku Philippines

Chigodola chitalowa m'makola a nkhumba m'chigawo cha Rizal, kufupi ndi Manila, mu 2019, boma la Philippines linayamba kupha nkhumba m'madera onse okhudzidwa. Matendawa alibe mankhwala. Amene anagwa nawo kwambiri ndi alimi ang'onoang'ono oweta kuseri kwa nyumba, omwe ndiwo ankasunga nkhumba zambiri m'dzikomo.

Nyama itasowa, mtengo unakwera. Mu February 2021 Pulezidenti Rodrigo Duterte analamula kuti ku Metro Manila nyama ya pamimba isapitirire mapeso 300 pa kilogalamu. Ogulitsa ambiri anangotseka mabenchi awo, ati sangagulitse motsika kuposa momwe apikulira.

Apa mpomwe alimi ndi makampani okonza nyama anayambanirana. Bungwe la makampaniwa, la PAMPI, linkafuna kuti nyama yakunja ilowe mosavuta. Fakitale yopanga masoseji ndi nyama ya m'zitini imafuna mafuta, chikopa ndi mnofu wofanana sabata iliyonse, ndipo makina sangadikire kuti mlimi adzazenso khola. Mawu amenewa ndi omveka. Koma bungwe la alimi la SINAG linkafunsa kuti: munthu amene wakwirira nkhumba zake zonse angakongole bwanji ndalama zogulira ana a nkhumba ena, akudziwa kuti pamsika akapikisana ndi nyama yowumitsidwa mufiriji yochokera ku Spain, Brazil ndi Canada?

Boma linamvera ofuna nyama yakunja. Mu April 2021 msonkho wa nyama yolowa pa mlingo wololedwa unatsika kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 5, ndipo wa yopitirira mlingowo unachoka pa 40 kufika pa 15. Aphungu a Senate atachita phokoso, mu May msonkhowo unakwezedwako pang'ono, koma mlingo wa nyama yololedwa unadumpha kuchoka pa matani 54,210 kufika pa 254,210.

Chimene chimawawa alimi kwambiri si manambalawa ayi. Amadandaula kuti amalonda ena amalemba mnofu wabwinobwino ngati zam'kati za nkhumba, zomwe msonkho wake ndi wochepa, ndipo kuti mtengo wa nkhumba pakhola ukagwa, mayi wogula pamsika saona kusintha kwenikweni. Phindu limathera pakatipo, m'manja mwa eni nyumba zozizira zosungiramo nyama.

Lamulo la 2021 ankati ndi la chaka chimodzi chokha, longopumulitsira ogula. Lakhala likuwonjezeredwa nthawi mobwerezabwereza, ndipo mu June 2024 Pulezidenti Ferdinand Marcos Jr. anasayinira kuti msonkho wa 15 ndi 25 peresenti ukhalepo mpaka 2028. Mwini fakitale anadziwiratu msonkho wa nyama yake mpaka chaka chimenecho; mlimi yemwe khola lake lidakali lopanda kanthu ndiye akufunika kuganiza kawiri asanagule nkhumba yaikazi.